Ndiyambire pati masewero a ku Korea ofufuza milandu?

Mlonda wa ku Rosettenville

Moni nonse abale ndi alongo okhala kuno ku Joni. Ine ndimagwira ntchito yaulonda usiku, ndipo ndikaweruka m'mawa tulo sitibwera msanga, kotero ndinazolowera kuonera masewero pa foni mpaka maso atalemera. Mphwanga anandipatsa Squid Game ndipo ndinaimaliza m'masiku awiri, koma chimene ndikufuna tsopano ndi nkhani ya apolisi ofufuza milandu, yoti munthu uzitsatira umboni pang'onopang'ono mpaka wolakwa atadziwika. Mayi a kunyumba amaonera a ku Korea omwewa, koma awo ndi achikondi okhaokha. Kodi ndiyambire pati, poganiziranso kuti data kuno siyotsika mtengo?

Angoni a ku Mayfair

Achimwene, yambani ndi Signal ya mu 2016, yomwe analemba Kim Eun-hee, ndipo ili ndi magawo 16. Popeza inu mumakhala ndi wailesi ya m'manja usiku wonse kuntchitoko, nkhaniyi ikukhudzani kuposa ena tonsefe. Wapolisi wachinyamata wa mu 2015 akutola wailesi yakale ya apolisi yomwe imayaka yokha nthawi ya 11:23 usiku, ndipo amene akuyankhula mbali inayo ndi wapolisi wa zaka zam'mbuyo, yemwe anasowa mu 2000. Awiriwa amathandizana pa milandu imene inakanika, koma chilichonse chimene akonza kale chimasintha za lero, ndipo nthawi zina wopulumutsidwa mmodzi amafetsa wina amene sanayenera kufa.

Za wailesizo ndi zopeka, koma milandu ina inatengedwa pa zochitika zenizeni, makamaka kuphedwa kwa amayi ku Hwaseong pakati pa 1986 ndi 1991. Pamene seweroli linkaonetsedwa wakuphayo anali asanadziwike. Anadziwika mu 2019 kudzera mu DNA kuti ndi Lee Choon-jae, amene anali kale m'ndende chifukwa chopha mlamu wake mu 1994, ndipo sanazengedwe milandu ya ku Hwaseong chifukwa nthawi yozengera milanduyo inali itatha malinga ndi malamulo akale. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chakuti munthu wina wosalakwa anakhala m'ndende zaka 20 pa umodzi wa milanduyi, ndipo khoti linamuyeretsa mu 2020. Mukadziwa zimenezi, mkwiyo wa wapolisi wakaleyo mumaumvetsa bwino.

NaBanda wa ku Yeoville

Angoni anena zoona kuti Signal ndi yabwino, koma ine sindingaiike patsogolo, chifukwa bambowa apempha nkhani yotsata umboni, pomwe mu Signal umboni wina umachita kubwera pa wailesi yamatsenga. Yoyenera pempho lawo ndi Stranger ya mu 2017, yomwe ena amaitcha Secret Forest. Cho Seung-woo akusewera ngati Hwang Si-mok, woimira boma pa milandu amene anachitidwa opaleshoni ya ubongo ali mwana, ndipo kuyambira pamenepo samva chisoni, mantha kapena chimwemwe monga anthu ena. Bae Doona ndi wapolisi wamkazi amene amagwira naye ntchito, ndipo ndikutsimikizireni bambo kuti awiriwa sagwa m'chikondi ngakhale pang'ono.

Nkhani imayamba ndi imfa ya munthu mmodzi wabizinesi amene ankadyetsa ziphuphu akuluakulu a mu ofesi ya oimira boma, ndipo mlandu umodzi womwewo ndi umene ukutsatidwa magawo onse 16. Palibe kuthamangitsana ndi magalimoto kwambiri; zambiri zimachitikira m'maofesi ndi pa chakudya chamadzulo, pamene bwana akuthirira wamng'ono chakumwa ndipo onse awiri akudziwa kuti chikugulidwa pamenepo ndi kukhala chete. Ife amene tinatsatira nkhani ya Cashgate mu 2013, komanso amene tinaonera Zondo Commission yofufuza za katangale kuno, sitifunika kutimasulira zimenezi. Chovuta chake ndi chimodzi: mayina ndi maudindo ndi ambiri, ndipo amayankhula kwambiri, choncho mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi muyenera kuwawerenga mosaphethira. Musaionere mutatopa kwambiri, apo ayi mudzabwereza gawo lomwelo kawiri, data n'kupita pachabe. Chigawo chachiwiri cha mu 2020 chikukamba za mkangano wa apolisi ndi oimira boma pa mphamvu zofufuza milandu, ndipo chimayamba mozizira.

Chemwali a ku Cosmo City

Ine ndingowonjezera Beyond Evil ya mu 2021, imene inapambana mphoto ya Baeksang ngati sewero labwino koposa chaka chimenecho. Ikuchitikira m'tauni yaing'ono yotchedwa Manyang, kumene aliyense amadziwa mnzake ndipo aliyense akubisa kanthu, mofanana ndi mmene kumudzi anthu amatsekera pakamwa wapolisi akafika. Shin Ha-kyun, amene akusewera ngati wapolisi wa m'tauniyo, amaseka mwa njira yoti simudziwa ngati ndi wolira kapena wakupha.

Pa za data, gawo limodzi limatenga ola lathunthu kapena kupitirira, choncho ndi bwino kutsitsiratu magawo pamalo pamene pali wifi. Ngati mukufuna yaifupi, My Name ya Netflix ili ndi magawo 8 okha, koma ndi ya ndewu ndi kubwezera, osati kufufuza kwenikweni. Ndikuchenjezeninso monga kholo, popeza ambirife timakhala chipinda chimodzi ndi ana: My Name ndi Beyond Evil zili ndi magazi ndi mitembo, ndipo si zoonera mwana ali pambali.

Mlonda wa ku Rosettenville

Zikomo kwambiri nonse atatu. Mayi NaBanda mwandikopa, koma popeza ndimaonera nditachoka kuntchito mutu uli wolemera, Stranger ndiisungira masiku anga opuma, ndipo sabata ino ndiyamba ndi Signal. Angoni, ngati wailesi yanga ilira nthawi ya 11:23 usiku uno, dziwani kuti sindiyankha.