Yuriya wandipusitsa pa mphodza, chaka chino ndithire chiyani?

Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni. Ndimalima ku Ngabu, ku Chikwawa. Chaka chatha ndinatsala ndi yuriya wa chimanga, ndiye mphodza zitamera ndinati bwanji nazonso zidyeko. Zinakula mpaka m'mawondo, masamba obiriwira bii, anthu odutsa ankaima n'kumayamikira. Koma maluwa anachedwa, makoko ochepa zedi. Mnzanga woyandikana naye munda sanathire kanthu ndipo anandiposa. Panopa ndili ndi theka la thumba la feteleza wa 23:21:0+4S. Ndithire limeneli kapena ndisiye osathira chilichonse?

Mlimi wa ku Balaka: Achimwene, munadyetsa munthu wokhuta kale. Mphodza zimadzipezera zokha nayitirojeni wochokera mumpweya, kudzera m'timibulu tija ta kumizu. Yuriya ndi nayitirojeni yekhayekha, 46 peresenti. Mukamuchulutsa timibulu timachita ulesi, mbewu n'kumangopanga masamba. Ulendo uno pakatha mwezi zulani phando limodzi, mufinye kambulu. Mkati mukakhala mofiirira, timibuluto tikugwira ntchito.

Mayi wa ku Salima: Chimene mphodza zimafuna kwambiri ndi fosiforasi, bambo. Ndiye amakulitsa mizu ndi timibuluto, komanso amathandiza maluwa kugwira. Koma sayenda m'nthaka ngati yuriya, mukamwaza pamwamba mbewu zitakula mwataya ndalama. Thirani tsiku lobzala, pambali pa phando, mukwirire, asakhudzane ndi mbewu chifukwa amaiwotcha. Thumba lanulo lingagwire ntchito, 21 uja ndi fosiforasi, kungoti 23 wa nayitirojeni ndi wambiri. Muthire pang'ono, kamodzi basi, wobereketsa ayi. Mukapeza feteleza wa fosiforasi wotchedwa TSP ndiye bwino kwambiri, mulibe nayitirojeni.

Wina wa ku Nsanje: Musanamunamizire feteleza zonse, kodi maluwa sankayoyoka? Kuno kutentha ndi tizilombo ta m'maluwa zimatithera mphodza ngakhale osathira kalikonse.

Mwini funso: Ena ankayoyoka ndithu, koma sindinapopere. Mayi a ku Salima, nanga ndikabzala pamene panali chimanga chothira feteleza chaka chatha?

Mayi wa ku Salima: Pamenepo fosiforasi wotsalira amakhalamo. Gawani munda pawiri, mbali ina muthire, ina musiye. Mphodza sizichedwa, miyezi iwiri ndi theka mwakolola, mudzatiuze mbali yomwe yadzaza ndowa.