Ndalama yatsala ija: basi ya ku Bunda kapena tipite tokha kusukulu?

Wapampando: Moni nonse ana a ku Mayani. Komiti ikuganiza kuti ndalama yatsala m'thumba tichitire hayala basi, ana a Folomu 4 pa CDSS yathu akaone koleji ya Bunda. Maganizo anu?

Msungichuma: Basi imodzi inyamula angati, bwana? Otsalawo tidzawauza chiyani? Mafuta okha atha thumba lonse.

Aphunzitsi opuma: Pepani a wapampando, Folomu 4 n'kuchedwa. Mwana amasankha maphunziro polowa Folomu 3. Akataya Physics ndi Chemistry pamenepo chifukwa anzake amuopseza kuti n'zovuta, udokotala ku KUHeS ndi uinjiniya ku MUBAS wadzitsekera yekha osadziwa. Ndaonapo atsikana atakhoza bwino MSCE akulira mu ofesi, akufuna unamwino koma sayansi alibe. Ena sadziwa n'komwe kuti kuyunivesite amafuna makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Tiyambe ndi a Folomu 2.

Achimwene a ku Johannesburg: Madala anena zoona. Komanso tisamangoimba yunivesite yokhayokha. Ine ana anga akudya za kuwotcherera zitsulo, luso lomwe ndinalitenga ku Lilongwe Technical College. Mwana wa kwathu amadziwa uphunzitsi, unesi ndi upolisi, poti ndi zomwe amaziona. Koleji ya zankhalango ili pa Chongoni pomwepa, ndi angati anafikapo? Za TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, anawafotokozera ndani?

Mayi a ku Area 25: Makolo nawonso aitanidwe, makamaka amalume. Mtsikana akhoza kunena kuti akufuna zamagetsi, koma mwini mbumba akati n'zachimuna, nkhani yathera pomwepo.

Mlembi: Ine basi ija sindikuitaya. Mwana amene sanatulukepo m'Dedza akaponda yekha mulabu, aone makina oyezera dothi, amabwerako wina. Kumva sikufanana n'kuona.

Msungichuma: Nzoona achemwali, koma thumba silikulola chaka chino. Tokha tikakwera minibasi ndi ndalama zathu kukawafotokozera anawo za ntchito zathu kusukuluko, yam'thumbayo ingogulira anawo chakudya ndi kusindikiza mapepala osonyeza maphunziro ofunika pa ntchito iliyonse.

Wapampando: Ndamva. Basi idikire kaye, alembi muilembe pa za chaka chamawa. Mawa ndiimbira ahedi atipatse Lachisanu limodzi teremu ino. Amene mungapite lembani ntchito yanu pansipa.

Mayi a ku Area 25: Unamwino, ndilipo. Tipezenso makaniko wamkazi, ndiyesa kufunsa kutchalitchi.