Nyambo ya herring ija yasiya kunyenyeka

Abale, paja ndinafunsa chifukwa chake nyambo yanga ya herring (kansomba ka m'nyanja ya mchere) inkanyenyeka pa mbedza ndikamaikoka ndi boti powedza king salmon (nsomba yaikulu ya mtundu wa salmon) m'nyanja ya ku Sitka, ku Alaska. Zikomo nonse amene munayankha, mankhwala ake ndi mchere. Tsopano herring ndimaiviika m'madzi a mchere wambiri usiku wonse, mnofu umalimba bwino.

Mutu ndimaudula mopendeketsa kuti nyambo izizungulira pang'onopang'ono ngati kansomba kovulala. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa ikamazungulira mothamanga king amangoidutsa. Boti liziyenda pang'onopang'ono, downrigger (chipangizo chokhala ndi chingwe ndi chitsulo cholemera) itsitse nyambo pansi ndithu. Kwa ine nsombazi zikudya kwambiri m'bandakucha komanso nyanja ikamayamba kudzaza kapena kuphwa.

Musaiwale sitampa ya chilolezo chowedzera king salmon, ndipo nsomba yosakwana mainchesi 28 muziibweza m'madzi.