Kodi wosewera azilira zenizeni m'sewero lophunzitsa?

Mphunzitsi wa zisudzo: Anzanga, ndithandizeni. Ana anga a Fomu 3 akukonza sewero la mayi wamasiye amene alamu ake akumulanda katundu. Mtsikana wosewera mayiyo amalira mpaka oonera misozi mbwee, koma likatha palibe wofunsa chifukwa chake mudzi wonse unangoonerera. Ndimuletse kulirako?

Wakale pa siteji: Aphunzitsi, wolemba masewero Bertolt Brecht ankalimbana ndi vuto lomweli ku Germany. Ankafuna oonera aziganiza, osangomva chisoni. Mu 1949 ku Berlin, Helene Weigel ankasewera Mother Courage m'sewero la Brecht, mayi amene anachedwa ndi kunenerera mtengo wowombolera mwana wake. Mfuti zopha mwanayo zitalira, Weigel anatsegula kukamwa osatulutsa mawu. Inunso gwiritsani ntchito thupi: mlamuyo akhale pampando, wamasiye agwade popereka makiyi a nyumba yake yomwe, amfumu ayang'ane kumbali. Aliyense aona amene ali ndi mphamvu.

Nachisale: Ine kuletsa kulira ndikukana. Kwathu wamasiye wosalira oonera samukhulupirira. Alire ndithu, kenako imitsani sewerolo monga ankachitira Augusto Boal, katswiri wa zisudzo wa ku Brazil, muitane woonera mmodzi alowe m'malo mwake, ayese kukana kupereka makiyiwo.