Kodi kusintha mafuta a injini msanga kumathandizadi?

Funso: Galimoto yanga yayamba kutentha kwambiri ndikamakwera mtunda, ndipo makaniko akuti vuto linayamba chifukwa chochedwa kuisamalira, monga kusintha mafuta a injini. Kodi zimenezi ndi zoona, kapena akungofuna kuti ndiwononge ndalama?

Yankho loyamba: Makanikoyo akunena zoona, achimwene. Mafuta a injini akakalamba amataya mphamvu yochepetsa kukhulana kwa zitsulo, choncho injini imatentha komanso imatha msanga. Komabe, poyamba onani madzi a mu redieta (chipangizo choziziritsa injini) ndi lamba woyendetsa pampu ya madzi, chifukwa kutentha pa mtunda kawirikawiri kumachokera kumeneko. Musatsegule chivindikiro cha redieta injini ikadali yotentha, chifukwa nthunzi ingakupsetseni.

Yankho lachiwiri: Ndiwonjezerepo pa nkhani ya mabuleki, yomwe ambiri amainyalanyaza. Mapadi, omwe amapana disiki ya pa gudumu kuti galimoto iime, akayamba kulira, asintheni nthawi yomweyo, chifukwa akatheratu chitsulo chake chimadya disikiyo, ndipo kukonza kumakwera mtengo kuposa kugula mapadi atsopano.

Yankho lachitatu: Buku la galimoto yanu limasonyeza makilomita oyenera kusinthira mafuta ndi zosefera zake. Tsatirani limenelo.