Ndikumagwa pafupipafupi, kodi ndi shuga kapena mankhwala?

Membala wobisa dzina:
Moni abale nonse pagulu pano, ndipo zikomo a admin pondibisira dzina. Ndine mayi wa zaka 57, ndimakhala ku Mufakose mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, makolo anga anachokera ku Ntcheu. Ndadwala shuga kwa zaka zambiri, ndimamwa metformin ndi mankhwala a BP. Chaka chino mapazi ayamba dzanzi, usiku amatentha ngati ndaponda makala. Zimenezo ndikanapirira, koma kugwaku ayi. Ndikadzuka pabedi ndimamva chizungulire, m'maso mumada. Magetsi akazima ndimayenda chogwira khoma. Posachedwapa ndinagwa potsika kombi (minibasi) pamsika wa Mbare Musika, kondakitala n'kumaseka kuti mayi aledzera m'mawamawa, ine woti mowa sindinaulawepo. Mwana wanga anandigulira ndodo koma ili kuseri kwa chitseko. Ndimagulitsa masamba, ndiye makasitomala akandiona ndi ndodo aziti chiyani? Alipo amene zoterezi zinamuchitikira? Munatani?

NaBanda, Chitungwiza:
Pepani mayi. Ndine namwino, koma sindingakuyezeni pafoni, ndingokuuzani zoti mukafunse. Munthu amaima bwino chifukwa cha zinthu zitatu: mapazi amamva pansi, maso amaona, ndipo m'kati mwa khutu muli kachiwalo kodziwa ngati mutu wapendekeka. Shuga akawononga mitsempha ya kumapazi mumayamba kudalira maso. N'chifukwa chake mumdima zimakula. Koma chizungulire cha podzuka chikhoza kukhala nkhani ina, ya BP imene imatsika mukaimirira. Kukiliniki nthawi zambiri amayeza mutakhala pampando n'kukuuzani kuti ili bwino. Apempheni akuyezeni mutagona, kenako mutaima. Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa m'mphindi zitatu, adokotala ayenera kuonanso mankhwala anu. Pemphaninso kuyezetsa vitamini B12, chifukwa metformin wa nthawi yaitali amamuchepetsa, ndipo kuchepa kwakeko kumabweretsanso dzanzi ndi kudzandira. Maso nawo kayezetseni.

aChisale, Highfield:
Achemwali, ine ndinadwala sitiroko ndipo ndodoyo ndinkaikana ngati inuyo. Manyazi ake amatha sabata yoyamba, koma fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu wathuwu mugona miyezi, ndipo pamsika sipadzakhalanso wokugulitsirani. Ndodo ifike pamfundo ya dzanja mukaima manja ali pansi, kunsi ikhale ndi labala. Ngati mwendo umodzi ndi wofooka, igwireni ndi dzanja la mbali inayo. Pemphani kalata kukiliniki yokaonana ndi a physio, aja ophunzitsa zolimbitsa ziwalo. Kuchipatala cha Parirenyatwa aliko, kuchipatala cha Gomo, chija akuchitcha Sally Mugabe masiku ano, alikonso. St Giles ku Milton Park nayo ndi ya ntchito yomweyi, ngati thumba likulola. Ine anandiphunzitsa kukhala ndi kudzuka pampando mobwerezabwereza, ndiponso kuima chonyanyamphira nditagwira tebulo. Zimaoneka zachibwana koma miyendo inalimba.

Mwana wa ku Dedza:
Mayi tsegulani maso. Pamsika pali nsanje, mwina wina wakutcherani. Ndiimbireni ku inbox ndikulozereni munthu.

NaPhiri, Dzivarasekwa:
Inu a ku Dedza, munthu wanena yekha kuti ali ndi shuga, mukufuna mumudyere timadola take ta masamba? Mayi, ine ndinasamala apongozi anga amene ankagwa chonchi. Mdani woyamba anali m'nyumba momwe: polishi wofiira uja timapaka pansi kuti alendo atiyamikire. Ndinasiya kupaka, ndinachotsa timphasa tapakhomo, ndinawalanda mapatapata n'kuwagulira nsapato zotseka kumbuyo. Kubafa ndinaika mpando wapulasitiki wolimba, ankasamba atakhala, madzi n'kumawayesa ndi chigongono chifukwa phazi ladzanzi limapsa mwini osamva. Tochi ya sola izigona pafupi ndi pilo. Ndipo musachite manyazi ndi chidebe cha usiku ngati chimbudzi chili panja.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Za polishi mwandigwira pamtima, pakhonde panga pamawala kuposa pa aliyense mumsewu mwathu. A namwino, pali kapilitsi kena kamene anandipatsa ka kutentha kwa mapazi, amitriptyline, ndimamwa pogona. Kodi n'kutheka kuti ndi kameneka? Ndikasiye?

NaBanda, Chitungwiza:
N'kutheka ndithu, amitriptyline amagonetsa komanso amatha kutsitsa BP poimirira. Koma musasiye nokha, ndipo a BP musadumphitse. Nyamulani mapaketi onse m'kajumbo, ngakhale azitsamba ngati alipo, mukawaonetse adokotala n'kunena mawu awa: ndikumagwa. Odwala ambiri amangotchula mapazi, zakugwa amabisa. Pakadali pano, mukadzuka khalani kaye m'mphepete mwa bedi, gwedezani mapazi, kenako imani mutagwira chinthu. Chizungulire chikabwera ndi thukuta, kunjenjemera ndi njala, yezani shuga ngati muli ndi makina, mwina watsika, makamaka kwa amene amabaya insulin kapena kumwa mapilitsi a shuga a glibenclamide. Mukagwa musadzuke mothamanga: tembenukirani chammbali, kwawani mpaka pampando, gwadani, kenako kwerani. Mukamenyetsa mutu n'kuyamba kusanza kapena kusokonezeka, kapena pakamwa pakapotoka, dzanja n'kufooka, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Membala wobisa dzina:
Ndamva. Lolemba ndipita ndi kajumbo kanga. Chatsala ndi madzi: pampopi sakutuluka, ndimakatunga kumjigo ndi chidebe cha malita 20 pamutu. Ndi ndodo ndingasenze bwanji?

aChisale, Highfield:
Simungasenze, ndipo musayese. Kuli anyamata a zingolo amatungira anthu, kambiranani nawo mtengo wa sabata yonse, umatsikako. Kapena mwana amene anagula ndodo uja agulenso wilibala, azitunga yekha asanapite kuntchito.