K4,500 ya akaunti ya ku Nchalo

Nachisale: A Tcheya mundiyankhe pompano aliyense akuona. Dzulo pogawana ndalama za banki m'khonde yathu mwandidula K4,500 ati ya akaunti, akauntiyo ine sindinaonepo ngakhale kapepala kake. Lero ndikumva kuti mnyamata wa kafukufuku uja anabwera ndi tabuleti munamuuza kuti tonse 24 tili ndi akaunti ku banki. Ine ndemwe? Chitupa changa cha unzika chinapita ndi madzi a Freddy mu 2023 mpaka pano, simu ndikulemberayi ili m'dzina la bambo akunyumba, nde akauntiyo ndinatsegula ndi chani

A Tcheya: Mayi, akaunti ndi ya gulu ndipo gulu ndi inu nomwe. Tinagwirizana pansi pa nimu paja kuti bokosi lisamagone m'nyumba madzi akayamba. Munakwezanso mkono.

Nachisale: Mkono ndinakweza kuti ndalama zisanyowe, osati mukandilembetse bodza

Aphunzitsi: Apa a Tcheya munalakwitsadi. Owerengawa amafunsa munthu payekha ngati ali ndi akaunti yake kapena yomwe dzina lake lilipo limodzi ndi wina. Ngakhale a World Bank amawerengera ndi Airtel Money kapena Mpamba yomwe, bola munthuyo akuigwiritsa ntchito. Ku banki kuja kuli mayina atatu osayinira basi. Mukanena 24 mawa akuluakulu adzati ku Ngabu amayi onse anafikiridwa, pomwe ena ngakhale foni alibe.

A Tcheya: Masamu ndi awa. 24 kuchulukitsa K4,500 ndi K108,000. Maulendo awiri a ku Nchalo anthu atatu K42,000. Kutsegulira K25,000. Zodula potapa pa foni K14,000.

Make Tadala: Zakwana K81,000 izo. K27,000 ili kuti? Komanso ulendo wachiwiri a msungichuma sanapite, ndinawaona pa chigayo ndi maso angawa, nde K7,000 yawo anakwera ndani

Msungichuma: Make Tadala musandiyalutse chonde. Tsiku limenelo mwana anagona akutentha thupi usiku onse, m'mawa ndinapita naye kuchipatala pa kabaza, pobwera ndi pomwe ndinadutsira pa chigayo poti m'nyumba munalibe ufa olo wa phala, ndipo a Tcheya ndinawaimbira kuti sinditha anati tipita awiri palibe vuto. K7,000 ndinalandira inde sindikana koma inathera kabaza ndi mankhwala, ndinati ndibweza ndikagulitsa thonje, thonjelo mukudziwa nonse mmene lachitira chaka chino. K27,000 inayo ejenti wa pamsika analibe ndalama zokwanira tsiku lija, anati mubwere mawa, nde inatsala mu foni ya mwana wanga wamkulu chifukwa yanga batire inafufuma. Ilipo sinadyedwe.

Nachisale: Mwamva? Ndalama ya gulu ili mu foni ya mwana yemwe sali m'gulu. Ndime 9 ya malamulo a gulu imati chani? Ine nditachedwa sabata imodzi mu Juni munandilipitsa chindapusa pamaso pa anthu, ndowa yanga mpaka munagwira

A Tcheya: Za Juni zinatha mayi.

Nachisale: Kwa inu zinatha. Maliro a alamu anga thumba la zadzidzidzi munandipatsa K5,000, a msungichuma atamwalira apongozi awo K15,000. Ndinangokhala chete poopa kuti muziti ndine wolongolola

Msungichuma: Apongozi anga ankakhala pakhomo panga, alamu anu anali ku Bangula, malamulo amasiyanitsa

Make Tadala: Nanga sitetimenti ya ku banki bwanji osaibweretsa tione? Chiyambire Epulo timangomva pakamwa

A Tcheya: Sitetimenti amalipitsa. Mukufuna ndikuduleninso?

Aphunzitsi: Mnyamata uja anasiya nambala? Tikonze zomwe analembazo. Ine ndawerenga, a akaunti yawoyawo ku banki tilipo anayi, a pa foni m'dzina lawo mwina 11.

Gogo Nasimango: Ine akundilembera ndi mdzukulu. Amene anabwereka mphasa yanga tsiku logawana abweze, komanso mbuzi za kwa a Tcheya zathanso mapira anga kumunsi

Nachisale: Lachisanu ndibwera koma sheya sindiponya mpaka K27,000 ndi K7,000 ziikidwe pa mphasa tiziwerenge tonse. Ndipo dzina langa mukalifufutitse kwa mnyamata uja. A Tcheya mwawerenga, ndikuona.